Tenti yobiriwira pabwalo la apongozi

Ndinakhala pachikamwini kufupi ndi Chonde mpaka mwana wathu woyamba anayamba kuvala nsapato zanga. Nyumba yathu inali kuseri kwa nyumba ya apongozi anga aakazi, pamalo amene anandilozera ndi ndodo nditangokwatira. Ntchito yanga inali yolemba nkhani za kuno ku Mulanje n'kumatumiza ku nyuzipepala ku Blantyre: mitengo ya nanazi, milatho yogumuka, mpira wa m'maesiteti a tiyi. Pang'onopang'ono ndinamanga nyumba ina pamalo anga ku Thuchila, yamalata, yazipinda zitatu. Inatha, ndinaipaka laimu, koma ogonamo anali mileme. Kuti ndisamutsire mkazi wanga ndi ana kumeneko ndinayenera kupempha chitengwa, ndipo wovomereza anali mmodzi yekha: mchimwene wa apongozi, amalume a mkazi wanga, amene amakhala ku Limbuli.

Apongozi analibe nazo vuto. Ankafuna munda umene anandipatsa ubwerere m'manja mwawo. Maganizo awo pa kalimidwe kanga ankandifika kudzera mwa mkazi wanga, monga mwa mwambo, ndipo sankachepetsedwa panjira. Chaka china anati chimanga changa chikuoneka ngati anyezi.

Vuto anali amalume. Iwo amachita malonda a nyemba ndi nandolo m'malire, ndipo mtolankhani amamuona ngati wapolisi wosavala yunifolomu. Tsiku la chinkhoswe ndinawafunsa kuti thumba la nandolo likugulidwa bwanji kutsidya. Linali funso longochezera. Iwo anayang'ana cholembera chimene chinali m'thumba la shati yanga, n'kusamukira pamkeka wina. Kuyambira pamenepo sitinakhalenso pamkeka umodzi. Tikatumiza uthenga woti abwere, ankati mvula. Tikapita tokha ku Limbuli, tinkapeza atawolokera ku Mozambique m'mawa womwewo. Foni ankayankha, koma akangomva mawu anga netiweki inkawathawa.

Nzeru ya ulendo wa kunyanja inachokera kwa mkazi wanga.

"Amalume pali zinthu ziwiri zimene sakana," anatero. "Nsomba, ndi ulendo wolipira wina. Tiwatengere kunyanja pamodzi ndi amayi. Kumeneko kulibe malire oti awoloke. Mukawapemphe ali mkati motafuna."

Ndinayamba kufufuza malo ogona. Mahotela ndinawasiya msanga, osati chifukwa cha mtengo wokha. Zipinda za m'hotela zimayang'anizana pakhonde limodzi lopapatiza, ndipo mkamwini sangakumane ndi apongozi ake m'mawa, thaulo lili m'khosi, popanda poti n'kupatukira. Kenako ndinapeza kuti m'mbali mwa nyanja, cha ku Mangochi ndi ku Salima, kuli malo amene anthu amagona m'matenti. Si matenti a asikauti okwawira polowa. Ndi aakulu, oti munthu amaimirira, okhala ndi bedi, magetsi, ena ndi bafa lomwe kuseri. Chimene chinandikopa n'chakuti tenti iliyonse imaima payokha, patali ndi inzake. Ndinaona kuti amene anayambitsa kagonedwe kameneka ayenera kuti anali mkamwini.

Ndinasankha malo atatu, n'kusunga zithunzi zake mufoni. Tsiku lina Lamlungu tinakhala pansi kuti tisankhe amodzi. Apongozi anakhala pamkeka pakhonde lawo. Ine ndinakhala pakampando kumbali kwa nyumba, pomwe ankatha kundimva koma osandiona. Mkazi wanga ankayenda ndi foni pakati pathu.

"Izi n'chiyani?" ndinamva apongozi akufunsa.

"Matenti, amayi. Ndi momwe tikagone."

"Wamwalira ndani?"

"Palibe. Anthu amagonamo pofuna kupumula."

"Chaka cha madzi osefukira chija anthu anagona m'matenti pasukulu apo. Sindinamve ndi mmodzi yemwe akuti akupumula. Ndiye ukuti awa amachita kulipira?"

"Amalipira, amayi."

"Ali ndi nyumba kwawo?"

"Ali nazo."

"Zothonya?"

Malo oyamba anagwa pomwepo. Matenti ake anali pamchenga, madzi ali pafupi poti munthu n'kutunga ali pabedi. Eni ake ankanyadira zimenezo, koma munthu wokulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje sagona pafupi ndi madzi mwakufuna kwake. Ndinafotokoza, kudzera mwa mkazi wanga, kuti nyanja si mtsinje, siidzadza usiku umodzi. Yankho linabwera lakuti madzi onse ndi pachibale.

Malo achiwiri anali a anthu oyenda ndi magalimoto okhala ndi bedi ndi khitchini mkati, ambiri ochokera kumaiko a kummwera. Panali mipopi ndi magetsi pansi pa mtengo uliwonse, ndipo ndinali nditaganiza zobwereka minibasi ya mnzanga, kuchotsa mipando n'kuyalamo matiresi. Apongozi anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Uwauze apongozi angawo kuti munthu wogona chagada m'galimoto amakhala akupita kuchipatala, kapena akuchokerako. Ine ndikufuna ndikafike kunyanja nditakhala tsonga."

Anatsala malo achitatu, okwera pang'ono, a mitengo yambiri, matenti ake obiriwira. Apa sanapeze chokanira msanga. Anafunsa za mvuu, za chimbudzi, za udzudzu. Kenako anafika pa nkhani imene inkawadetsa nkhawa kwenikweni: kutentha. Anamva kuti kunyanja anthu amagona osafunda, ndipo iwo chibadwire sanagonepo opanda bulangeti. Ankadwalanso miyendo ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti anali atangotuluka m'chipatala mwezi wapitawo.

"Chitenje sindigula ndisanachigwire," anatero. "Abweretse tenti pano. Ndigonemo masana, dzuwa lili paliwombo. Ndikapirira, tipita. Ndikalephera, achimwene mukawasake nokha."

Unali mwezi wa Okutobala. Ndinaona kuti kuyesa kumeneku n'kwanzeru, ndipo ndinadandaula kuti sindinakuganize ndine.

Tenti ya mtundu wa kunyanja kuno kulibe amene ali nayo. Pa Chonde pali bambo wina wobwereketsa matenti ndi mipando ya pulasitiki. Matenti ake ndi awiri, yoyera ndi yobiriwira. Yoyera imapita ku maukwati, yobiriwira imapita ku maliro. Lamulo limeneli palibe analilemba, koma aliyense wa m'dera lathu amalidziwa. Inenso ndinkalidziwa, monga momwe munthu amadziwira zinthu zimene sanafunsidwepo. Loweruka limenelo yoyera inali itapita ku ukwati wa mwana wa msuweni wa mkazi wanga, kutsidya kwa mtsinje. Yobiriwira inali pansi.

"Ndi yobiriwira yokha yatsala," anatero bambo uja, akundiyang'anitsitsa.

"Ndi yabwino kumene," ndinatero. "Ya kunyanja ndi yobiriwiranso."

Anabwera nayo m'mawa pa kagalimoto kake kamene kamadziwika ndi mwana aliyense. Anabweretsanso mipando, ngakhale sindinaitanitse. Anati tenti siiyenda yokha. Iye ndi mnzake anaiimika pabwalo la apongozi, pakati pa nyumba ndi msewu. Ndinawapempha kuti atsitse nsalu za m'mbali zonse zinayi n'kuzimanga, kuti ifanane ndi ya pachithunzi. Nthambi zina za mtengo wa mango zinkatchinga, ndiye anazidula n'kuziponya m'mphepete mwa msewu. Mipando anaiunjika pamthunzi, n'kumapita.

Mbumba yonse inali itapita kale ku ukwati, kupatula amalume, amene anati mvula. Tinalowetsa bedi la apongozi mutenti. Iwo anakhoma nyumba, kiyi n'kumanga pansonga ya chitenje, n'kulowa ndi katoni yodzikupizira. Anauza mwana wawo kuti amange zingwe za pakhomo kunja, kuti mphepo isabere mayeso.

"Munthu asandisokoneze mpaka dzuwa lipendeke," anatero ali mkati.

Mkazi wanga anathamangira ku ukwati kuti akaonekereko. Ine ndinakwera njinga kupita pa Chonde, pomwe netiweki imagwira bwino, kuti ndikaimbire eni malo a kunyanja aja mafunso a apongozi.

Anayankha mayi wina waulemu. Za chimbudzi anayankha bwino. Za udzudzu anati bedi lililonse lili ndi neti. Za mvuu anazengereza pang'ono, kenako anati zimabwera nthawi zina koma sizinavutitsepo mlendo. Ndinafunsa ngati zinavutitsapo munthu amene si mlendo. Anati afunsa abwana. Ndinafunsanso mtunda wa pakati pa tenti ndi tenti, ndipo nditafotokoza chifukwa chake anaseka, n'kuti kwawo ku Phalombe zinthu ndi zomwezo, adzatiika wina kumapeto uku wina kumapeto uko, khitchini pakati. Ndinakhutira. Ndinamwa tiyi, ndinacheza ndi ogulitsa nanazi za mitengo, n'kuyamba kubwerera dzuwa litafika pamutu.

Nditayandikira kumudzi ndinaona amuna awiri akukankha njinga zawo, zipewa zili m'manja. Patsogolo pang'ono panali nthambi zamasamba aawisi zitagonekedwa pakati pa msewu. Kuno aliyense amadziwa tanthauzo lake: pafupi pali maliro, wanjinga atsike, wagalimoto achepetse liwiro. Miyendo yanga inatsika yokha. Ndinavula kapusi. Pambuyo pake ndinadzamva kuti ndi mbuzi zimene zinakokera nthambi za mango zija pamsewu, ndipo munthu wina wodutsa, ataona tenti yobiriwira, anazikonza bwino kuti zikhale mwadongosolo. Koma panthawiyo sindinazizindikire. Nthambi ya pamsewu munthu suifunsa mtengo umene yachokera.

Ndinafunsa bambo wina wachilendo amene ankayenda pambali panga kuti zovuta zagwa kwa yani.

"Kwa amayi aja a pamango, odwala miyendo aja," anatero. "Koma mkamwini wawo ndi wopanda mwambo. Waimika tenti asanauze ndi amfumu omwe. Akuti ndi wa nyuzipepala."

Ndinali nditasiya mayi wodwala kuthamanga kwa magazi m'tenti yotseka mbali zonse, masana a mu Okutobala, zingwe zitamangidwa kunja. M'mutu mwanga munabwera mutu wa nkhani, wa zilembo zikuluzikulu, ndipo kwa nthawi yoyamba dzina langa silinali pamalo a wolemba. Za chitengwa ndinaona kuti zathera pomwepo. Munthu amene waphika apongozi ake sapatsidwa mkazi kuti apite naye kwawo.

Ndinaimbira mkazi wanga. Foni inangoitana m'chikwama, pakati pa zimkuzamawu za perekaniperekani.

Pabwalo panali patadzaza. Amuna anali atamasula mulu wa mipando uja n'kukhala mozungulira pansi pa mango. Amayi anali pakhonde ndi m'mbali mwa nyumba, ena ndi mitolo ya nkhuni, ena ndi mbale za ufa zovindikira ndi nsalu. Nyimbo inali itayamba chapansipansi. Mayi mmodzi ankalira mokweza kuposa onse, akumenya pansi ndi chikhatho.

Mkulu wa mpingo wa apongozi, bambo wamtali wovala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, anandilandira njinga n'kundigwira dzanja ndi manja awiri.

"Pepani, bambo. Galimoto ili m'mbuyo?"

"Galimoto yanji?"

"Ya thupi. Tapeza nyumba yokhoma, ndiye tadziwa kuti nonse muli kuchipatala."

Ntchito yanga inandiphunzitsa funso limodzi lofunsa pangozi iliyonse: waona ndi maso ake ndani? Ndinalifunsa. Panalibe. Wina anaona tenti, wina anaona mipando, wina anaona nthambi, wina anaona anthu. M'tentimo palibe anasuzumira, chifukwa pakhomo pake panali pomanga, ndipo zingwe za eni maliro mlendo samasula.

Inenso sindikanamasula. Apongozi anali pabedi, ndipo mkamwini sasuzumira pamene apongozi ake agona, kaya ali moyo kaya ayi. Ndinazungulira kuseri kwa tenti ngati ndikukayang'ana zikhomo, n'kugwada, khutu pansalu. Nsaluyo inkawotcha ngati chiwaya. Mkati ndinamva kaphokoso: phe, phe, phe. Inali katoni ija.

Chikwatirire ndinali ndisanayambepo ine kuwayankhula apongozi popanda wapakati. Tsiku limenelo ndinayamba.

"Amayi," ndinanong'ona. "Muli bwino?"

"Khalani chete, apongozi. Ndikumvetsera."

"Anthu akuti mwatisiya."

"Ndamva. Ndinadzuka nyimbo yoyamba ili pakati. Akulira kwambiriyo ndi ndani? Si mayi wa kuchigayo uja?"

"Ndi omwewo."

"Chaka chonse chino sanandipatse moni. Tamverani mmene akundifunira."

"Ndimasule zingwe, amayi? Kukutentha."

"Kutentha kulipo. Achimwene afika?"

"Ayi."

"Awaimbira?"

Ndinakumbukira kuti mkulu wa mpingo anandiuza kuti uthenga wapita kale ku Limbuli, ndipo amalume anyamuka pa njinga yamoto. Ndinawauza.

"Ndiye zingwe zisiyeni. Mundilowetsere madzi pansi apa, mukakhale pampando."

Ndinagubuduzira botolo la madzi pansi pa nsalu. Dzanja linatuluka n'kulikoka.

Ndinakakhala pakati pa amuna aja ndili ndi vuto limene mtolankhani sakumana nalo kawirikawiri. Nkhani yoona ndinali nayo ndekha, ndipo mwini nkhani anali atandiletsa kuitulutsa. Bodza sindinafune kunena. Aliyense wondifunsa kuti zachitika bwanji, mwambo uli liti, ndinkamuyankha mawu amodzi: "Sindinganene kanthu mpaka amalume afike." Ndinadabwa kuona anthu akugwedeza mitu movomereza. Ndinamva wina kumbuyo akuti, "Komatu ulemu ali nawo." Pa zaka zonse za chikamwini changa, aka kanali koyamba kuyamikiridwa pagulu.

Mkazi wanga anatulukira akuthamanga, nsapato zili m'manja, kumbuyo kwake kuli theka la anthu a ku ukwati atavalabe nsalu yofanana. Uthenga unali utawoloka mtsinje. Nkhope yake sindidzaiiwala, ndipo pamenepo zoseketsa zinandithera. Ndinamuchingamira pamsewu n'kumugwira mkono.

"Ali moyo. Ali mutenti. Akumwa madzi."

Anandiyang'ana, anayang'ana anthu, anayang'ana nthambi zija. Kenako anandimenya ndi nsapato paphewa, kamodzi, mwamphamvu, n'kupita kuseri kwa tenti. Ndinamutsatira chapatali.

"Amayi, tulukani! N'zamanyazi izi. Ukwati wa eni wapasuka."

"Ukwati supasuka ndi anthu odzadya. Akwati atsala?"

"Atsala."

"Basi. Iwe ndi amunako mwamusaka munthu ameneyu zaka zingati? Ine ndamubweretsa chogona. Pita ukakhale ndi anzako, ufunde chitenje kumutu."

Sipanapite nthawi, njinga yamoto inamveka. Amalume anatsika isanaime bwinobwino. Ndi munthu wamfupi, wonenepa, ndipo anali ndi fumbi mpaka m'nsidze. Anayamba kulira ali pamsewu, m'Chilomwe, chimene amayankhula pokhapokha akakwiya kapena akagwidwa ndi chisoni. Amayi a pakhonde anawalandira ndi kulira kwatsopano. Mkulu wa mpingo anawagwira n'kuwakhazika pampando woyandikana ndi wanga. Sanasamuke. Anandigwira manja onse awiri.

"Akamwini," anatero atapezako mpweya, "mlongo wanga wandiitana kangati? Ine kumangoti mvula, mvula. Mvula yake iti, mu Okutobala? Amafuna nkhani yanu ithe iye akuona. Ndamulakwira."

"Amalume," ndinayamba, "pali zoti mudziwe..."

Kuchokera mutenti kunamveka kutsokomola kumodzi, kouma. Ndi ine ndekha amene ndinakumva. Ndinatseka pakamwa.

Amalume anaimirira, n'kukweza mawu kuti onse amve.

"Inu nonse muli pano mukhale mboni. Mwana wa mlongo wangayu apite ndi mwamuna wake ku Thuchila, iye ndi ana. Ndavomera ine mwinimbumba. Ndikanavomera kalekale. Ndipo inu akamwini, mukafuna kulemba m'nyuzipepala, lembani!"

Nsalu ya tenti inagwedezeka. Kenako panamveka mawu amene aliyense pabwalopo ankawadziwa.

"Tamasulani zingwezi."

Zimene zinachitika pamenepo ndinaziona bwino, chifukwa ine sindinathawe nawo. Mayi wa kuchigayo uja anadumpha mulu wa nkhuni osaukhudza. Mkulu wa mpingo anafuna kuimirira ndi kubwerera m'mbuyo nthawi imodzi, mwendo wa mpando unapindika, n'kugwa chagada jekete ili kumutu. Wanjinga yamoto amene anabweretsa amalume analiza njinga yake n'kupita osalandira malipiro. Amalume sanathawe, koma osati chifukwa cha kulimba mtima. Anangokhala pansi pomwepo, padothi.

Mkazi wanga anamasula zingwe. Apongozi anatuluka pang'onopang'ono, atanyowa ngati awoloka mtsinje wa Thuchila nthawi ya dzinja, katoni ili m'dzanja. Anaima pakhomo pa tenti n'kuyang'ana bwalo lonse, mmodzimmodzi, ngati mphunzitsi woitana maina.

"Achimwene," anatero, "mwanena zija bwerezani. Ndinali chogona, sindinamve bwino."

Anthu anabwerera pang'onopang'ono, oyamba amayi, kenako amuna. Ena anaseka mpaka kugwira mitengo. Ena anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa: anasiya minda, misika ndi mpunga wa paukwati. Apongozi anati iwo sanaitane munthu, anangogona pabwalo pawo. Wobwereketsa matenti, atafunsidwa pambuyo pake, anati iye anandichenjeza ndi maso. Mbuzi sizinafunsidwe. Choncho mlandu wonse unagwera ine, ndipo m'mawa mwake ndinapita kwa amfumu ndi nkhuku m'khwapa kukapepesa chifukwa chogoneka masamba pamsewu popanda maliro.

Koma tsiku lomwelo, tisanabalalike, amalume anayesa kubweza mawu. Atamwa madzi n'kupukuta kumaso, anati zonena munthu ali m'chisoni siziwerengedwa, nkhani yaikulu ngati imeneyi imafunika kuikhalira pansi tsiku lina, mvula ikadutsa.

Mkulu wa mpingo, amene anali akudzisasabe fumbi, ndiye anawayankha.

"Bambo, mwatiitana nokha kuti tikhale mboni. Ine ndagwa nazo pampando zimenezi. Sindingagwe pachabe."

"Ndipo pansi mwakhala kale," anatero apongozi. "Onani pamene muli."

Amalume anayang'ana dothi limene anakhalapo, anayang'ana mlongo wawo, n'kuyamba kuseka, misozi ikadali m'masaya. Anabwereza mawu aja, ulendo uno motsitsa, ndipo anawonjezera kuti za nyuzipepala zija anangonena. Ndinawatsimikizira kuti sindidzatchula dzina lawo pena paliponse, ndipo lonjezolo ndalisunga.

Ufa ndi nkhuni zinali zitabwera kale, ndiye amayi anaphika, anthu anadya. Mayi wa kuchigayo uja ndi amene anawapatsira apongozi madzi osamba m'manja, maso ali pansi.

Ine ndinaona kuti ulendo wa kunyanja wathera pomwepo, popeza chimene tinkakafuna kumeneko chinali chitapezeka pakhomo. Ndinauza mkazi wanga kuti akanene zimenezo kwa amayi ake. Anabwerako msanga.

"Akuti mayeso akhoza, ndiye ulendo ulipo. Koma akuti muwaimbirenso anthu aja. Tenti ikhale ya mawindo mbali ziwiri, pansi pa mtengo, kutali ndi msewu. Zingwe zikhale zomangira mkati. Ndipo isakhale yobiriwira."

"Pamalo paja onse ndi obiriwira."

"Ndiye akuti musake pena."

Amalume, amene anali akuyang'ana uku ndi uku kufuna wowabweza ku Limbuli, anafunsa ngati nsomba zija zikadalipo pa dongosolo.

Tinasamukira ku Thuchila mvula yoyamba isanagwe. Sabata yomweyo apongozi analowa m'munda wanga uja n'kuphwasula mizere yanga yonse, akuti inkayang'ana kolakwika. Malo a kunyanja ndinasakanso kuyambira pachiyambi, mpaka ndinapeza ena a matenti akhaki cha ku Mangochi, ndipo tinapita titakolola. Tinafika m'mawa, dzuwa litayamba kale kuluma. Wotilandira anatitsogolera pa kanjira ka pakati pa mitengo, akufotokoza za bafa ndi za nthawi ya chakudya. Apongozi anaima. Pakanjirapo panali nthambi imene inathyoka ndi mphepo, masamba ake akadali aawisi. Sanapitirire mpaka amalume atawerama, kuitola, n'kukaitaya kutali kuseri kwa khitchini.